Phunziro 4: Kuchoka mu Utsamunda ndi Kumanga Fuko Latsopano

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Pakutha pa phunziro lino aliyense athe:

1. kufotokoza m'mene dziko lathu lidalowera m'manja mwa Angerezi ndi m'mene lidatulukiramo;
2. kutchula zinthu zimene zimafunika kuti anthu olamulidwa ndi dziko lina ayambe kudzilamulira okha;
3. kusiyanitsa ufulu wa dziko ndi ufulu wa nzika;
4. kuona mbali ya ntchitoyi imene yatsalira ife.

MAU OYAMBA

Chaka ndi chaka pa 6 Julaye timakumbukira tsiku limene mbendera ya Britain idatsitsidwa ku Blantyre m'chaka cha 1964, ndipo mbendera ya Malawi idakwezedwa m'malo mwake. Tsikuli tonse timalidziwa. Koma ndi angati mwa ife amene angafotokoze chimene chidachititsa kuti Angerezi, amene adali ndi asilikali, mfuti ndi chuma, avomere kuchoka? Nanga nchifukwa chiyani patangopita miyezi iwiri chilandirire ufuluwo, ena mwa amene adaumenyera adayamba kuthawa m'dziko lawo lomwe?

M'phunziro lino tiona kuti ntchito zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuchoka m'manja mwa atsamunda. Yachiwiri ndi kumanga dziko limene anthu ake ali ndi mau pa zimene boma lichita. Makolo athu adamaliza ntchito yoyamba. Yachiwiri ndiyo yaitali, ndipo ikadalipo.

1. UTSAMUNDA UDAFIKA BWANJI KUNO?

Utsamunda ndi pamene dziko lamphamvu lilanda ulamuliro wa dziko la eni, nkumalipangira malamulo, kulidula misonkho ndi kugwiritsa ntchito nthaka ndi anthu ake, eni akewo osafunsidwa. Britain idachita zotere m'maiko ambiri, kuyambira ku America mpaka ku India ndi mu Africa, ndipo maiko onsewo pamodzi ankatchedwa ufumu wa Britain.

Tisaganize kuti kuno kudalibe ulamuliro azungu asanabwere. Kudali ufumu wa Maravi pansi pa Kalonga, kudali mafumu a Achewa, Angoni, Ayao, Atumbuka ndi ena, ndipo milandu inkaweruzidwa pabwalo. Pamene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, Andrew Murray ndi T.C.B. Vlok, adafika pa Mvera mu Novembala 1889, sadapite kwa DC kukapempha malo, popeza DC kudalibe. Adapempha kwa Inkosi Chiwere, amene ndiye ankalamulira dera lino.

Koma nthawi yomweyo za ife zinkakambidwa kutali. Pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, maiko a ku Ulaya adagwirizana za m'mene angagawanirane Africa popanda kumenyana okhaokha. Pa msonkhanowo padalibe mfumu ya mu Africa ndi imodzi yomwe. M'chaka cha 1891 Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo Harry Johnston adakhazikitsa boma lake ku Zomba. Malire adalembedwa pa mapangano a pakati pa Britain, Germany ndi Portugal. Nchifukwa chake lero Achewa ali m'maiko atatu: Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mafumu amene adakana kugonja adathiridwa nkhondo, monga Mwase wa ku Kasungu mu 1895 ndi Inkosi Gomani woyamba mu 1896. Dzina loti Nyasaland lidabwera mu 1907.

Nzoona kuti boma limeneli lidathetsa malonda a akapolo amene adasautsa kwambiri anthu a kunyanja ndi a m'mapiri muno. Zimenezi tisazibise. Komabe lidali boma limene anthu sadalisankhe ndipo sakadatha kulichotsa.

2. CHIMENE CHIMAWAWA ANTHU OLAMULIDWA NDI ENA

Anthu sadzuka tsiku limodzi nkuyamba kufuna ufulu. Madandaulo amaunjikana pang'onopang'ono. Kuno kwathu aakulu adali awa:

Msonkho. Boma lidaika msonkho wa nyumba, woperekedwa ndi ndalama. Popeza kumudzi ndalama zidali zosowa, amuna ambiri adapita kukagwira ntchito m'minda ya azungu, ena ku Rhodesia, ena ku migodi ya ku Joni. Ambiri adasanduka matchona, akazi ndi ana nkutsala okha.

Nthaka ndi thangata. Ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba malo aakulu adapatsidwa kwa azungu. Anthu okhala pamalopo ankakakamizidwa kugwira ntchito ngati lendi. Mau oti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana, adasanduka dzina la ukapolo wa mtundu wina.

Mitengo ya mbeu. M'zaka za m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe ndi Dowa adayamba kulima kwambiri fodya wa chikopa. Mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, limene linkalembetsa alimi, kutchula malo a misika ndi kudula msonkho pa fodyayo. Mlimi ankalima, koma za malonda a fodya wake ankagamula ndi ena.

Malimidwe. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma lidakhwimitsa malamulo a kasamalidwe ka nthaka: mizere yopingasa, migula ndi masiku ozulira mapesi a fodya ndi thonje. Wolephera ankalipitsidwa faindi kapena kumangidwa. Ena mwa malangizowo adali abwino, makamaka m'malo otsetsereka ngati athu a Dowa ndi Ntchisi, ndipo alangizi akuphunzitsabe zofanana nazo. Koma chifukwa zidabwera ndi chikwapu, anthu adadana nazo.

Kusowa mau popanga malamulo. Nyumba ya malamulo idayamba mu 1907, koma mudalibe munthu wakuda mpaka 1949. Kwa zaka zonsezo mmishoni wachizungu ndiye ankaikidwa kuti azilankhulira anthu akuda. Mafumu adapatsidwa mabwalo ndi mphamvu zina mu 1933, koma pansi pa DC, ndipo bwanamkubwa ankatha kuwachotsa.

Tikaonetsetsa, dandaulo lomalizali ndilo muzu wa ena onse. Msonkho ulipo ndi lero lomwe, malamulo a ulimi aliponso. Chimene chidalakwika nchoti opereka msonkho ndi osunga malamulowo adalibe njira yofunsira, yokanira kapena yosinthira amene ankawapanga.

3. KUCHOKERA KU MADANDAULO KUFIKA KU BUNGWE

Kudandaula kokha sikuchotsa boma. Pamafunika kuti odandaulawo agwirizane, akhale ndi atsogoleri ndi cholinga chimodzi. Kuno zidatenga zaka pafupifupi 50.

Pa 23 Januwale 1915 Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, adatsogolera anthu kuukira atsamunda. Adadandaula za thangata ndi za anthu akuda amene ankafera nkhondo ya azungu. Koma omutsatira adali ochepa ndipo ambiri adali a dera limodzi. Pasanathe milungu iwiri iye adaphedwa, tchalitchi chake chidagwetsedwa, ndipo anzake ambiri adanyongedwa. Kulimba mtima kudalipo, koma dziko lonse lidali lisanamangane pamodzi.

Ena adatsata njira ya mabungwe. Aphunzitsi, makalaliki ndi abusa ophunzira m'sukulu za mishoni adayambitsa mabungwe a m'madera, loyamba la North Nyasa Native Association mu 1912. M'chigawo chapakati bungwe lotere lidayamba mu 1927 motsogozedwa ndi George Simeon Mwase. Mabungwewa sankapempha ufulu wodzilamulira. Ankalemba makalata opempha sukulu, misewu, zipatala ndi mitengo yabwino ya mbeu. Koma m'menemo anthu adaphunzira kuchititsa misonkhano, kulemba mfundo ndi kulankhula ndi boma mopanda mantha.

Mu 1944 mabungwewo adaphatikizana nkupanga Nyasaland African Congress. James Frederick Sangala adagwira ntchito yaikulu yosonkhanitsa anthu, ndipo Levi Mumba adakhala pulezidenti woyamba. Kwa nthawi yoyamba Mtumbuka, Mchewa, Myao, Mlomwe ndi Mngoni adayamba kulankhula ngati anthu a dziko limodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Zinthu zidasinthanso kunja. Asilikali athu a King's African Rifles adamenya nkhondo mpaka ku Burma, ndipo adabwera ataona kuti mzungu naye amaopa ndi kufa ngati wina aliyense. Britain idatuluka m'nkhondoyo ili ndi ngongole zambiri. India idalandira ufulu mu 1947, Ghana mu 1957. Chimene chinkaoneka chosatheka chidayamba kuoneka ndi maso.

4. CHITAGANYA: CHINTHU CHIMENE CHIDAGWIRIZANITSA ONSE

M'mbiri ya maiko ambiri pamakhala chinthu chimodzi chimene boma la atsamunda lichita, chimene chimakwiyitsa anthu onse nthawi imodzi. Kuno chidali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1953 Britain idalumikiza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia pansi pa boma limodzi, likulu lake ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Boma la Britain lidati chitaganya chidzabweretsa chitukuko. Koma anthu athu ambiri adali atagwirapo ntchito ku Southern Rhodesia. Adaona ndi maso awo mapasi, tsankho ndi kulandidwa kwa nthaka, ndipo adadziwa kuti mphamvu zidzakhala m'manja mwa azungu okhazikika kumeneko.

Mafumu ndi Congress adakana pamodzi. Mfumu Mwase ya ku Kasungu idali patsogolo. Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu adauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, ndipo boma lidamuchotsa pa ufumu. Chitaganya chidakhazikitsidwabe, ndipo Congress idafooka kwa kanthawi.

Mu 1956 anyamata ophunzira, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, adalowa m'nyumba ya malamulo nayamba kufunsa boma mafunso olasa. Iwo pamodzi ndi anzawo adaona kuti anthu akumudzi ndi mafumu angamvere bwino munthu wachikulire. Tsono adaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, mbadwa ya ku Kasungu, amene adakhala kunja zaka zoposa 40. Adafika pa Chileka pa 6 Julaye 1958. M'miyezi yochepa nthambi za Congress zidafalikira m'midzi. Amai, motsogozedwa ndi Rose Chibambo, ndi achinyamata adalowa m'ndale mwaunyinji. Nkhani ya ufulu idachoka m'manja mwa ophunzira ochepa nkukhala ya mlimi wamba.

5. CHAKA CHA 1959 NDI ZOKAMBIRANA

Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo. Congress idaletsedwa. Dr Banda, Chipembere ndi Dunduzu Chisiza adatengedwa kupita ku ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa osazengedwa mlandu, ambiri ku Kanjedza m'tauni ya Limbe. Ku Nkhata Bay asilikali adaombera khamu la anthu amene adasonkhana padoko pofuna kuti abale awo omangidwa amasulidwe. Chiwerengero cha boma chidati anthu 51 ndiwo adaphedwa m'dziko lonse. Nchifukwa chake pa 3 Malichi timakumbukira ofera dziko.

Boma linkaganiza kuti lathana nayo nkhaniyo, koma lidaikulitsa. Britain idatuma woweruza Patrick Devlin kudzafufuza. Lipoti lake lidavomereza kuti bwanamkubwa adali ndi chifukwa chochitirapo kanthu, koma lidati umboni wa chiwembu chofuna kupha azungu onse, chimene boma linkanena, sudapezeke. Lidatinso Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndi kuti pafupifupi anthu onse ankadana ndi chitaganya. Anthu a ku Britain eni ake adayamba kufunsa boma lawo ngati kuli kwanzeru kusunga dziko losauka ndi mfuti.

Mu Sepitembala 1959 Orton Chirwa, Aleke Banda ndi anzawo adayambitsa Malawi Congress Party m'malo mwa Congress yoletsedwayo. Kenaka zinthu zidayenda motere:

1 Epulo 1960: Dr Banda adatulutsidwa m'ndende.

Julaye ndi Ogasiti 1960: msonkhano wa ku Lancaster House, London, udavomereza kuti anthu akuda akhale ambiri m'nyumba ya malamulo.

15 Ogasiti 1961: chisankho choyamba. MCP idapata mipando 22 mwa 28. Si onse ankaloledwa kuvota: padali zoyenereza monga maphunziro ndi chuma, ndipo olembetsa adangopitirira pang'ono 100,000, pamene kalembera wa 1966 adapeza anthu oposa 4 miliyoni.

Disembala 1962: Britain idavomera kuti Nyasaland ituluke m'chitaganya.

1 Febuluwale 1963: Dr Banda adakhala nduna yaikulu.

31 Disembala 1963: chitaganya chidatha.

6 Julaye 1964: ufulu wodzilamulira, ndi dzina loti Malawi.

Tsono tikuona kuti atsamunda amachoka pakakumana zinthu zitatu: anthu ogwirizana amene akana kumvera, mtengo wosungira dzikolo ukakwera kuposa phindu lake, ndiponso maganizo a maiko akunja akatembenuka.

6. NJIRA ZIMENE MAIKO ENA ADADZERA

Si maiko onse adadzera njira yathuyi. Tingatchule njira zitatu.

Njira ya zokambirana. Malawi, Ghana, Tanganyika ndi Zambia, imene idalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, adadzera muno. Magazi adakhetsedwa, koma nkhondo yeniyeni sidachitike.

Njira ya nkhondo. Portugal idakana kukambirana. Anzathu a ku Mozambique, motsogozedwa ndi FRELIMO, adamenya nkhondo kuyambira 1964 mpaka 1974, nalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pasanapite nthawi kudabuka nkhondo ya pachiweniweni imene idatha mu 1992, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni adathawira kuno. Dziko lobadwa ndi mfuti limavutika kuziika pansi.

Njira ya azungu okhazikika. Nthawi zina amene amagalukira ufumu ndi ana a atsamunda omwewo. Madera 13 a ku America adalengeza ufulu wawo mu 1776, atakana kupereka misonkho yoikidwa ndi nyumba ya malamulo ya ku London m'mene adalibe owaimira. Adapambana nkhondo mu 1783, nalemba malamulo oyendetsera dziko mu 1787 amene akugwirabe ntchito. Koma akapolo akuda sadamasulidwe mpaka 1865, ndipo eni nthaka adapitiriza kulandidwa malo. Ku Southern Rhodesia Ian Smith adalengeza ufulu pa 11 Novembala 1965 kuti azungu ochepa apitirize kulamulira. Padafunika nkhondo ina kuti Zimbabwe ibadwe mu 1980.

Zitsanzozi zikutionetsa kuti dziko likhoza kumasuka ku ulamuliro wakunja, anthu ambiri a m'dzikomo ali osamasukabe. Choncho tikamva mau oti ufulu, tizifunsa kuti: ufulu wa yani?

7. KUMANGA FUKO LATSOPANO

Dziko latsopano limasowa zizindikiro zoti anthu adzizindikire nazo. Ife tidatenga dzina lochokera ku ufumu wakale wa Maravi, mbendera ya mitundu itatu yokhala ndi dzuwa lotuluka, ndi nyimbo ya fuko yopekedwa ndi Michael Sauka. Pa 6 Julaye 1966 Malawi idakhala ripabuliki, ndipo Mfumukazi ya ku Britain idaleka kukhala mutu wa dziko lino. Ndalama ya kwacha idalowa m'malo mwa paundi mu 1971. Likulu lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975.

Zizindikiro sizivuta kupanga. Zovuta ndi izi:

Anthu odziwa ntchito. Atsamunda adasiya sukulu za sekondale zowerengeka, monga Blantyre, Zomba Catholic ndi Dedza, ndipo yunivesite kudalibe. Maudindo ambiri a boma adakhalabe m'manja mwa azungu kwa zaka zingapo.

Chuma. Misonkho ya m'dziko sinkakwana kuyendetsera boma, ndipo Britain idapitiriza kuthandiza bajeti yathu kwa zaka zingapo ufulu utabwera. Dziko lodalira thumba la wina silikhala ndi mau onse pa zochita zake.

Umodzi. Malire adaika pamodzi mitundu ya zilankhulo zosiyana. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Izi zidathandiza kuti anthu amvane, koma zidawawanso ena, makamaka a kumpoto. Umodzi wokakamiza umasiya zilonda.

Malamulo oletsa mtsogoleri kupyola malire. Ichi ndicho chachikulu, ndipo ndi pamene tidapunthwa.

8. PAMENE UFULU WA DZIKO SUDAFIKE KWA NZIKA

Pomenyana ndi atsamunda, anthu adaphunzitsidwa kuti mtsogoleri ndi mmodzi, chipani ndi chimodzi, ndipo wotsutsa ndi kapirikoni. Pa nthawi ya nkhondo ya ufulu maganizo amenewa adapatsa anthu mphamvu. Koma sadathe pamene mdaniyo adachoka. Zizindikiro zidaoneka ufulu usanafike. Mu 1960 Chester Katsonga atayambitsa chipani cha Christian Democratic Party, iye ndi omutsatira adaopsezedwa, ndipo nyuzipepala ya MCP idanyoza mpingo wa Katolika pouganizira kuti ndiwo uli kumbuyo kwa chipanicho. Pa chisankho cha 1964, choyamba chimene munthu wamkulu aliyense akadavota, voti sidaponyedwe chifukwa oimira MCP adalibe opikisana nawo.

Mu Ogasiti ndi Sepitembala 1964 nduna zidadandaula kwa Dr Banda pa zinthu zingapo: tiki imene odwala ankalipitsidwa m'zipatala za boma, kuchedwa kopatsa Amalawi maudindo, ubale ndi boma la atsamunda la Portugal, ndiponso kuti iye ankagamula zinthu yekha. Iye adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere adatula pansi maudindo. Ambiri adathawira kunja. Malamulo otsekera munthu osamuzenga mlandu, amene atsamunda adagwiritsa ntchito mu 1959, boma lathu lomwe lidawabwezeretsa. Ndende ya Dzaleka, m'boma lathu lino la Dowa, idadzaza ndi Amalawi omangidwa ndi Amalawi anzawo pa zifukwa za ndale. Malowa adasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994.

Mu 1966 malamulo adati chipani chikhale chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Banda adakhala pulezidenti wamuyaya. Akuluakulu akukumbukira makhadi a chipani amene ankafunsidwa pamsika ndi pokwera basi. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967 nazunzidwa. Mu 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza. Orton Chirwa, pulezidenti woyamba wa MCP, adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. M'zaka zomwezo misewu, sukulu, zipatala ndi yunivesite zidamangidwa, ndipo dziko silidalowe m'nkhondo. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo nzika yokhwima imazinena zonse.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, kunena poyera za umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kusowa ufulu wolankhula. Mipingo ina, ophunzira, antchito ndi magulu a ndale adaonjezapo mau awo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. M'chigawo chapakati ambiri adasankha tambala wakuda, ndipo umenewo udali ufulu wawo. Pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi adapambana chisankho, Dr Banda navomera kugonja. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene adakhazikika mu 1995, amanena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo olamulira amangozisunga m'malo mwawo. Padatenga zaka 30 kuti mfundo imene makolo adaimenyera ilembedwe momveka chotere.

9. ZIMENE TIKUPHUNZIRAPO

Choyamba, ufulu sudaperekedwe ngati mphatso, ndipo sudabwere ndi munthu mmodzi. Adaumenyera ndi alimi, amai, mafumu, aphunzitsi ndi achinyamata, ambiri a iwo maina awo sadalembedwe paliponse.

Chachiwiri, chimene chidalakwika mu utsamunda si khungu la wolamulira. Ndi ulamuliro wosafunsa ndi wosayankha kwa anthu. Ulamuliro wotere ukhoza kubweranso ndi munthu wakwathu, wolankhula chilankhulo chathu.

Chachitatu, mtsogoleri wabwino yekha sakwanira. Pamafunika nyumba ya malamulo yofunsa, makhoti oima paokha, nyuzipepala ndi wailesi zomasuka, ndi chisankho chochitika pa nthawi yake. Tidaona phindu lake pa 3 Febuluwale 2020, pamene khoti lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 nkulamula kuti chibwerezedwe, ndipo chidabwerezedwadi pa 23 Juni chaka chomwecho. Tidaonanso kuipa kwa kulekerera, pamene dziko lidakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ambiri a ife tili chete.

Chachinai, wotsutsa si mdani wa dziko. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nduna za 1964 zikadamvedwa m'malo mothamangitsidwa, mabanja ambiri sakadalira.

Chachisanu, ntchito yomanga fuko imachitikira pafupi. Funso la makolo athu lidali loti: ndani adagamula za msonkho wathu, fodya wathu ndi minda yathu, ife osafunsidwa? Funso lomwelo tiyenera kulifunsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ku komiti ya sukulu ndi ya chipatala, kwa khansala ndi kwa phungu. Kulembetsa m'kaundula wa voti, kufika pa misonkhano ya chitukuko, kufunsa m'mene ndalama za khonsolo zayendera ndi kukana kugulitsa voti ndi mchere kapena chitenje, imeneyo ndiyo mbali yathu.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Mwa madandaulo asanu a m'gawo lachiwiri, ndi ati amene akumvekabe m'dera lathu? Nanga lero tili ndi njira zanji zowafikitsira kwa olamulira, zimene makolo adalibe?
2. Nchifukwa chiyani kuukira kwa 1915 kudalephera, pamene kulimbana kwa 1958 mpaka 1964 kudapambana?
3. Malamulo a malimidwe adali ndi mfundo zina zabwino, koma anthu adawakana. Kodi izi zikutiphunzitsa chiyani za kabweretsedwe ka chitukuko m'mudzi?
4. Kodi m'mudzi mwathu, m'mphakati mwathu kapena m'chipani chathu, munthu wa maganizo osiyana timamutani?
5. Fotokozani m'mau anuanu kusiyana kwa ufulu wa dziko ndi ufulu wa nzika.

ZOKACHITA

Gulu lisankhe anthu awiri, mai ndi bambo, akacheze ndi agogo amene adaona zaka za 1959 ndi 1964. Akawafunse zimene zidachitika m'mudzi mwawo, zimene ankayembekeza kuti ufulu ubweretsa, ndi zimene adaziona. Anthu otere atsala ochepa, choncho tisazengereze. Zimene akanene zilembedwe m'kope la gulu ndipo zidzawerengedwe pa msonkhano wotsatira.

Gulu lisankhenso vuto limodzi la m'dera lathu, lipeze ofesi kapena komiti yoyenera kuliyankha, ndipo litume nthumwi zikalankhule nayo mwezi uno usanathe.